Silipasi Yoyezera Nsomba

Ine ndinabereka ana aamuna awiri, ndipo onse awiri anakwatira akazi owaposa nzeru. Sindikudandaula ayi. Mulungu anaona kuti ndakalamba, wailesi imangolankhula za anthu osawadziwa, ndiye anati gogoyu ndimupatse zoonera pakhomo pake pomwe.

Wamkulu timamutcha Chiphazi. Mukadzamuona akubwera mudzamvetsa: amayamba kufika mapazi, mwini wake n'kumabwera pambuyo. Munthu wofatsa ngati ng'ombe ya pangolo. Amayendetsa kagalimoto konyamula nsomba, koma iyeyo amayendetsedwa ndi mkazi wake. Mkaziyo ndimamutcha Adona, chifukwa ngakhale potumbula nsomba amavala magolovesi ndi epuloni yoyera ngati dokotala. Wamng'ono ndi Mzime, msodzi, pakamwa pothira shuga. Ameneyo akhoza kukugulitsani mthunzi wa mtengo wanu womwe, inu n'kuthokoza. Mkazi wake ndi Nachete. Chikwatiwireni pabanja pano, chimene ndinamumva akunena ndi "Mwadzuka bwanji amayi?" basi. Zina zonse amayankha ndi mutu.

Kuseri kwa nyumba ya Chiphazi kuli shedi ya Adona. Muli tebulo lamatabwa lokutidwa ndi lata, mpope wa madzi, mabokosi abuluu a ayezi, ndi chifiriji cholira ngati chili ndi chifuwa chachikulu. M'mawa asodzi amabwera ndi mabeseni, iye amasankha, kutsuka, kulongedza, Chiphazi n'kukasiya kuhotela yaikulu ya kumtunda. Hotela imeneyo ndi moyo wa Adona. Asanaipeze ankakhala padzuwa kumsika, kuingitsa ntchentche ndi kanthambi mpaka mkono kuuma, ndipo analumbira pamaso panga kuti kumeneko sadzabwererako ngakhale atamukoka ndi chingwe. Vuto lake n'loti nsomba zambiri zodzaza mabokosiwo zimachokera kwa Mzime, chifukwa padoko ponse ndi yekhayo ali ndi boti la injini. Popanda mlamu wake, mabokosi sadzaza. Adona amadziwa, Mzime amadziwa, ndipo ine ndimadziwa kuposa onse.

Mkulu wa ophika kuhotelako ndi bambo wa chipewa choyera chachitali, ife timangoti Achipewa. Iwo amauza alendo awo kuti nsomba imene ili m'mbalemo ndi yokhwima, inaswana kale, inasiya ana m'madzi. Tiana ta nsomba safuna n'kutiona komwe. Ndiye anapatsa Adona kathabwa kokhala ndi mzere wofiira, nati nsomba yosafika pamzerepo isakwere galimoto. Ine poyamba ndinaseka. Ndinati dziko lapita kuti, nsomba mpaka kulemba mayeso? Koma ndi zoona kuti kale nsomba imodzi inkakwanira banja lonse ndi mlendo, lero umatola m'mbale ngati ukutola machesi.

Tsiku lina chifiriji chija chinayamba kutsimphina. Chikalira, chimagwedeza shedi yonse. Adona anauza mwamuna wake kuti achikonze, iye n'kupita kukagula sopo. Chiphazi anayang'ana uku, kuyang'ana uku, anaona kathabwa kabwino kosalala kali patebulo. Anatenga sowo. Pamene mkazi wake amabwera, firiji inali itaima nji ngati msilikali, kathabwa kali tizidutswa pansi pa miyendo yake, mzere wofiira utasanduka utuchi.

Ine ndinakokera mpando wanga pafupi.

"Inu bambo inu! Mutuwo munapatsidwa kuti muzingovalira chipewa?"

"Munati ndikonze firiji."

"Ndinati mukonze firiji, sindinati muphe ntchito yanga! Ndikawauza chiyani Achipewa? Kuti mwamuna wanga wadya muyezo?"

Chiphazi anakanda m'mutu, kenako anayang'ana pansi, kumene kumakhala chuma chake chonse. Anati tsiku lina kathabwako katagwa iye anakaponda, ndipo anaona kuti kuchokera kumapeto kukafika pamzere ndi silipasi yake yeniyeni, chala mpaka chidendene. Adona sanamukhulupirire. Anatulutsa mufiriji nsomba imene anaiyeza m'mawa womwewo, yofika pamzere ndendende, n'kuigoneka pambali pa phazi la mwamuna wake. Zinafanana ngati mapasa.

"Vulani."

"Mayi, ndiyenda bwanji?"

"Mmene linayendera thabwa langa."

Anaitsuka silipasiyo ndi madzi otentha ndi sopo yense anagula uja, n'kuikhomera m'mphepete mwa tebulo ndi misomali. Kupita kukapempha thabwa lina anachita manyazi. Adona akhoza kumeza fupa, koma kunena kuti "ndalakwitsa" sangathe.

Kuyambira tsiku limenelo nsomba iliyonse imagona pambali pa silipasi. Yofika, m'bokosi. Yoperewera, ibwerere ndi mwini wake. Asodzi anayamba kufunsana panjira kuti, "Zako zakhoza kwa Chiphazi?" Ndipo amene ankalephera mayeso kwambiri anali Mzime, chifukwa ukonde wake unali wa maso aang'ono, uja wosasiya ngakhale kansomba kobadwa dzulo.

"Alamu, taonani bwino, aka kakungodzipinda ndi manyazi. Takawongolani."

"Ndakawongola, alamu. Sikakufika."

"Kaperewera pang'ono ngati chikhadabo! Alendo akuhotela amadya ndi tepi?"

"Kansomba aka sikanaikirepo dzira ngakhale limodzi. Mukatha tonse totere, chaka chamawa mudzawedza chiyani? Mabotolo?"

"Chibale ndi fupa, alamu."

"Eya, sichiola. Koma nsomba zanuzi zikuola, zichotseni patebulo panga."

Beseni la zolephera ankalisenza ndi Nachete, kubwerera nalo kunyumba, osanena kanthu.

Mpando wanga umakhala pakhomo pa shedi. Anthu amati ndimatsata dzuwa la m'mawa. Dzuwa lilipo, inde, koma mikangano yonse ya banja lino imadutsanso pomwepo. Ndiye m'mawa wina foni ya Adona inalira m'nyumba, iye n'kuthamangira. Mzime anasuzumira pakhomo, anatenga mpeni wotumbulira nsomba, n'kusenda chidendene cha silipasi ija. Kachidutswa kopyapyala ngati khungu la anyezi. Anakaponya m'thumba la kabudula, anazungulitsa bwinobwino m'mbali, n'kupakapo mamba ndi dothi kuti pasaoneke pachilendo. Mwana ameneyu akanakhala wosoka nsapato bwenzi pano tili ndi nyumba yosanja.

Potembenuka, maso athu anakumana.

"Amayi, mwaona chiyani?"

"Ine? Maso okana kulowetsa ulusi m'singano awa aone chiyani?"

Mawa lake anandibweretsera maswiti a timbewu tonunkhira. Ndinalandira. Wokana mphatso ya mwana wake ndi mfiti.

Akanasenda kamodzi kokha, mwina nkhaniyi sikanakhalapo. Koma chakomachakoma pusi anagwa chagada. Foni ikalira, kachidutswa. Adona akapita kukatenga ayezi, kachidutswa. Nsomba za Mzime zinayamba kukhoza ngati ana a aphunzitsi. Asodzi ena anaona kuti chidendene cha Chiphazi chikuyandikira chala, koma ndani angaulule mvula ikugwa m'munda mwake? Amene anali atapachika maukonde awo a maso aang'ono anayamba kuwatsitsa.

Kenako galimoto inabwera ndi bokosi limodzi losatsitsa. Pamwamba pake panali uthenga wa pakamwa, umene Chiphazi anaunena akuyang'ana kudenga: Achipewa akuti izi ndi zazing'ono, ndipo likadzabweranso bokosi lina lotere, Adona akafune kwina kogulitsa.

Adona anakhala pa bokosi lomwelo, magolovesi ali m'manja. Anatulutsa nsomba imodziimodzi, kuyeza pasilipasi. Zonse zimafika.

"Ndiye zikufupika panjira?"

"N'kutheka," anatero Chiphazi. "Ndi ayezi. Ngakhale munthu akamva kuzizira amadzikhwinyata."

"Inu mukanakhala mumafupika ndi kuzizira bwenzi ndikukugonekani mufiriji."

Kuyambira pamenepo anayamba kuyeza ngati akuyeza mankhwala a mwana. Mutu wa nsomba pachala penipeni, mchira pachidendene, kuwerama mpaka mphuno kukhudza mamba. Usiku samagona bwino, ndinkamva akutsegula ndi kutseka firiji m'bandakucha. Kunena zoona ndinamumvera kachisoni. Koma munthu wosafunsidwa akayankha amatchedwa wamiseche, ndipo ine dzina langa ndimalisunga.

Silinachedwe tsiku lake. Galimoto inabwera msanga kuposa masiku onse, asodzi asanabalalike, Mzime ali pompo akutsuka mabeseni ndi mkazi wake. Kutsogolo kunakhala munthu wopinda khosi kuti chipewa chisagunde denga. Achipewa eni ake! Anatsika, anandipatsa moni mwaulemu, ananyamula okha bokosi n'kuliika patebulo.

"Mayi, ndabwera ndione ndi maso anga mmene mumayezera. Thabwa lija lili kuti?"

Chiphazi analoza pansi pa firiji. Achipewa anawerama, anaona, anaweramuka. Kenako maso awo anagwera pa silipasi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi... ndi chimodzimodzi ndi mzere uja, bambo. Ndinayesa ndekha."

Adona anatenga nsomba m'bokosi, kuigoneka. Inafika. Achipewa anatulutsa m'thumba la malaya kachitsulo koyezera, kuigonekanso. Inaperewera zala ziwiri zathunthu.

Adona anayang'ana silipasi. Anayang'ana mwamuna wake. Anayang'ananso silipasi.

"Bambo, kwezani phazi."

"Patebulo la chakudya? Pamaso pa alendo?"

"Kwezani!"

Chiphazi anavula nsapato, anagwira phewa la Achipewa kuti asagwe, n'kukweza chiphazi chake mpaka patebulo. Analowetsa chala. Abale anga, chidendene chonse chinali panja, chikulendewera ngati mwana wokana kuberekedwa.

"Mwina phazi lakula," anatero mwana wanga wachisamba, amene ndinamuyamwitsa ndekha.

"Labala imatha yokha ndi madzi a ayezi," anatero Mzime kuchokera kumpope. "Zimachitika. Ndinamvapo."

Palibe amene anali atamufunsa. Mitu yonse inatembenuka. Adona anabwera kwa ine pang'onopang'ono, anagwada, ulemu umene sindinauonepo chikwatiwireni.

"Amayi, inu mumakhala pano tsiku lililonse."

"Ine sindiona, mwana wanga. Mphuno yokha ndiyo inatsala. Ndipo imandiuza kuti pali kabudula wina pano amene thumba lake likununkha labala."

"Amayi!" anakuwa Mzime. "Maswiti onse aja?"

"Anatha."

Achipewa sanaseke, ngakhale ndinaona ndevu zawo zapamlomo zikunjenjemera. Anati iwo sanabwere kudzaweruza banja. Anati amaima pamaso pa alendo n'kunena kuti akudziwa kumene nsomba yachokera ndi mmene yagwidwira, ndipo lero adziwa kuti akhala akunama. Anati basi, zathera pomwepa.

Pamenepo mawu a Adona anathyoka. Anati bambo, chonde, kumsika kuja ayi. Anavula magolovesi, anati cholakwa ndi chake chifukwa anachita manyazi kukapempha thabwa. Ndinatsala pang'ono kugwa pampando. Adona kunena kuti walakwa! Bwenzi nditaitana oyandikana nawo kuti adzachitire umboni.

Achipewa anayang'ana mabeseni a Mzime. Kenako anati vuto si silipasi, vuto ndi ukonde. Ukonde ukamagwira tiana, tiana tidzapeza njira yolowera m'bokosi, kaya ndi mpeni kaya ndi chibale. Anati mawa m'mawa apita kudoko kukaona ukonde wa mlamuyo. Akakapeza wa maso aang'ono ukadali m'manja mwake, Adona asadzatumizenso galimoto.

Masana amenewo tinakhala pakhonde, banja lonse. Ine ndinauza Nachete andipangire tiyi wambiri, chifukwa ndinadziwa kuti nkhani italika.

"Ukonde wanga sukupita kulikonse," anayamba Mzime. "Inu alamu mumakhala pamthunzi ndi magolovesi. Munapitako pamadzi? Ndikaponya wa maso aakulu ndimakoka madzi okhaokha. Ndikasiya tiana ine, boti la kutsidya litikokolola madzulo omwewo. Ndiye ana anga adye chiyani, ulemu wa Achipewa?"

Apa mwanayu sanali kunama, ndipo Adona anadziwa. Koma Adona si munthu wobwerera m'mbuyo.

"Wa maso aakulu ndinakupatsani ndine, hotela itangoyamba. Munauponya kangati? Uli kudenga, akangaude akuchitiramo ukwati. Zazikulu zili kutali, inu muli ndi injini, koma mumakonda kukwapula pafupi kuti mubwerere msanga kukasewera bawo la mabotolo a mowa ndi anzanu."

"Ndiye mumandilonda?"

"Ndikanakulondani bwenzi silipasi ili yonse!"

Chiphazi anakweza manja ngati m'busa. "Abale, tonse ndife amodzi. Tiyeni timvane. Mwina tingapemphe Achipewa afupikitse kachitsulo kawo pang'ono..."

Onse awiri anamuuza akhale chete, mawu amodzi, nthawi imodzi. Ndi pokhapo pamene anagwirizana tsiku limenelo.

Moto utayamba kuzirala, ndinaponyapo kankhuni. Ndinangofunsa, mwaulemu, ngati wilibala imene Mzime anabwereka chaka chatha inabwerera ndi tayala lake. Eee! Inatuluka wilibala, inatuluka poto wamkulu amene anabwera wobooka, anatuluka mawu amene Adona ananena pa ukwati wa Mzime okhudza suti yake. Chiphazi, wofatsa uja, anakumbuka kuti ali ana mng'ono wake anamugulitsira njiwa zake. Anaimirira, Mzime anaimirira, ndevu kuyandikana.

"Amayi, tauzani mwana wanuyu!" anatero wamkulu.

"Amayi, inu muli mbali iti?" anatero wamng'ono.

"Ine ndili mbali ya mpando wanga. Pitirizani, ndikumva."

Adona anasiya kukuwa. Anayang'ana mlamu wake, n'kunena motsitsa kuti, "Alamu, mukadzandiona kumsika ndi kanthambi, musadzandipatse moni." Analowa m'nyumba. Zimenezo zinandiwawa pang'ono, chifukwa mkangano wotsitsa mawu sukoma.

Pakati pa phokoso lonselo palibe anaona Nachete akutolera makapu, kulowa mushedi, kutuluka ndi sizasi yaikulu yodulira zipsepse ataikulunga m'nsalu, n'kumapita kwawo. Palibe, kupatula munthu wosaona uja.

M'mawa ndinavala diresi langa la kutchalitchi. Chiphazi anati amayi mutsale, kudoko n'koterera. Ndinamuuza kuti ndinamubereka popanda thandizo lake, ndipo kudoko ndikafika popanda chilolezo chake. Ndinakhala kutsogolo, Adona kumbuyo ndi mabokosi, nkhope ngati wopita kumaliro.

Tinapeza Achipewa atafika kale, nsapato zoyera zitaima pakati pa mamba ndi zingwe. Mzime anawalandira ndi mano onse panja. Pansi anali atayala ukonde wa maso aakulu, wokongola, woti nkhonya ya mwana n'kudutsa.

"Ndi umenewu, bwana. Ndimagwiritsa umenewu. Zinazo zinali ngozi chabe."

Achipewa anawerama, anautola, anaununkhiza. Anachotsapo kangaude wamoyo, n'kumuika pansi mosamala.

"Ukonde uwu sunalawepo madzi chibadwire. Ndionetseni winawo."

Mzime anayesa uku, anayesa uku. Pomaliza mkwiyo unamugwira. Anati chabwino, muuone, ndi wanga, ndinagula ndekha, ndipo palibe wovala chipewa amene angandilande. Adona anatseka maso. Mzime anapita kukachipinda kake kosungira zingwe ndi mafuta, anakankha chitseko ndi mwendo, analowa. Tinamva zigubu zikugwa. Anatuluka maso ali psuu.

"Akuba! Andibera ukonde! Achimwene, ndi mkazi wanuyu!"

"Ine ndinagona m'nyumba mwanga," anatero Adona.

"Uli kunyumba."

Tonse tinayang'anayang'ana kufuna amene walankhula. Mawuwo sitinkawadziwa. Anali Nachete, ataima ndi beseni lopanda kanthu pamutu.

"Wati chiyani?"

"Ndati uli kunyumba. Ndamangira nkhuku."

Nyumba yawo ili pafupi ndi doko, ndiye tinapita tonse pamzere, Achipewa patsogolo, ine pambuyo ndi ndodo yanga, asodzi ena akutitsatira ngati kuli ukwati. Kuseri kwa nyumba tinapeza khola latsopano. Ukonde wobiriwira, wodulidwa bwino zigawozigawo, wokhomedwa pamitengo kuzungulira mpaka pamwamba. Zoyandamitsa zikadali lendelende pakona. Mkati thadzi likuyenda monyada ndi anapiye ake ngati lagula nyumba m'tauni.

Mzime anagwira mutu ndi manja awiri. "Mkazi iwe! Ukudziwa chimene wachita?"

Nachete anatsitsa beseni. Ndipo pakamwa pamene panatsekedwa zaka zonsezi panatseguka ngati mpope wothyoka.

"Ndikudziwa. Tinsomba tanu tokanidwa timabwera kwa ndani? Kwa ine. Kupala tiana tosagwirika n'komwe, kutumbula ndi chikhadabo, kuyanika, kulondera amphaka. Taonani zala zangazi, zikuoneka ngati za munthu? Ukonde ukang'ambika amasoka ndani timaso tating'onoting'ono timeneti? Ine, mpaka misozi. Ndikachapa kabudula wanu ndimapeza zidutswa za nsapato ya alamu, ndimangoti kaya mwayamba kudya labala. Ndinakupemphani waya wa khola, munati mawa. Kabawi watha anapiye anga mawa lanu lisanafike. Inu mukutha ana a nsomba, kabawi akutha ana a nkhuku. Ndinaona kuti ukonde umodzi ukhoza kuthetsa milandu iwiri. Mukafuna, masulani musoke nokha. Singano ili pawindo."

Anatola beseni lake n'kulowa m'nyumba. Asodzi anayamba kuseka, woyamba mobisa, kenako onse, wina mpaka kukhala pansi. Achipewa anavula chipewa n'kudzipukuta nacho m'maso. Mzime anatembenukira kwa ine, mlomo ukunjenjemera ngati tsiku limene ndinamuletsa kuyamwa.

"Amayi, mwamva mmene wandilankhulira?"

"Ndamva, ndipo ndikupempha abwerezenso, poyamba paja ndinali kutali."

Achipewa atapeza mpweya anauza Adona kuti ayesanso. Anamupatsa kachitsulo kawo koyezera kaja, nati akakhomere ndi mabawuti, ndipo iwo azibwera osanena tsiku, kushedi ndi kudoko komwe. Anayang'ananso asodzi oseka aja, nati amene watsitsa ukonde wa maso aang'ono aganize ngati mkazi wake alibe nkhuku. Kuseka kunathera pomwepo.

Musaganize kuti zinangokoma. Madzi akatayika saoleka, ndipo ukonde wodulidwa ndi sizasi ya zipsepse subwerera. Mzime analibe kuchitira mwina, anaponya wa maso aakulu uja. Masiku oyamba ankabwera ndi tinsomba towerengeka pansi pa beseni, nkhope ngati mvula. Pafupi panalibe kanthu, ndiye anayamba kupita kutali, kubwera dzuwa litakwera, akutukwana injini, mphepo, Achipewa, ndi nkhuku zonse za padziko. Kwa mkazi wake sankalankhula, koma mkaziyo anali atazolowera kale nyumba yachete, sanaone kusiyana. Adona ankatumiza ndiwo kwa ana a mlamu wake madzulo, mbale n'kumabwerera yotsukidwa, popanda zikomo. Mabokosi sanali kudzaza, ndipo m'mawa uliwonse Adona ankayang'ana kumsewu wa kumsika ngati munthu woyang'ana manda ake.

Kenako linafika tsiku limene Mzime anatsitsa mabeseni olemera, osapereka moni, n'kuima patali manja m'chiuno. Nsomba zake zinali zonenepa, zoti pogoneka pakachitsulo mchira umapitirira. Adona anayeza zonse, imodziimodzi, ngakhale zimene mwana akanaona kuti zafika. Mabokosi anadzaza mpaka chivundikiro kukana. Chiphazi ananyamuka.

Adona sanalowe m'nyumba. Anaima pageti ndi epuloni yake, akupukuta manja ouma kale. Ndinamuuza akhale pansi asandizunguze mutu, sanamve. Galimoto itaoneka pakona anathamangira isanaime, anakwera kumbuyo, anayamba kutsegula mabokosi. Loyamba, mulibe kanthu. Lachiwiri, madzi a ayezi okha. Mpaka lomaliza.

"Atenga zonse?"

"Zonse," anatero Chiphazi. "Akuti mawa muwonjezere ngati zilipo."

Mzime, amene ankanamizira kumanga chingwe cha beseni, anatsokomola. Anati iye ankadziwa kale kuti zazikulu zili kutali, anali kungodikira nyengo yake. Adona anamuthirira tiyi m'kapu ya alendo, iye n'kulandira akuyang'ana kumbali.

Kenako Adona anakokera mabokosi kumpope, anatsegula madzi, n'kuyamba kuimba. Abale, zaka zonsezi sindinkadziwa chifukwa chimene Adona saimbira kutchalitchi. Mawu ngati chitseko cha dzimbiri! Galu wa oyandikana nawo anayamba kuyankha. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, nsomba za mawa zingamve n'kuthawira kutsidya.

Anakweza mawu.